Malamulo oyendetsera dziko saphunziridwa poloweza manambala a magawo

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa chizolowezi chimene chamera mizu m'mawayilesi ndi m'manyuzipepala. Mkangano wa ndale ukangobuka, mtolankhani amaimbira foni katswiri, katswiriyo amatchula nambala ya gawo la malamulo oyendetsera dziko lino, nkhani n'kuthera pomwepo. Anthu amatsala ndi manambala m'mutu, 65, 80, 83, koma zimene gawolo likunena, zimene makhoti ananenapo, ndiponso chifukwa chake gawo lina limaluma pamene lina lili chigonere, sizimveka. Palinso ena amene amati mphunzitsi wa maphunziro a ndale nkhani ya malamulowa siimukhudza, n'ya maloya okhaokha. Ife timaphunzitsa ndi kufufuza nkhani zimenezi, ndipo tikufuna tiyale m'mene ntchitoyi imagwiridwira ikamayenda bwino, kuti owerenga azitha kusiyanitsa katswiri amene wawerenga ndi amene wangomva za m'maluwa.

Ntchito imayamba ndi funso looneka lachibwana: buku la malamulo lili m'manja mwanulo ndi la chaka chiti? Malamulo athuwa anayamba kugwira ntchito mongoyembekezera pa 18 Meyi 1994, ndipo anakhazikika pa 18 Meyi 1995. Chichokereni nthawi imeneyo asinthidwa kambirimbiri. Gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, linafufutidwa mu 1995. Magawo onena za nyumba yachiwiri ya Senate anachotsedwa mu 2001 nyumbayo isanakhalepo ndi tsiku limodzi. Mu 2017 aphungu anakweza msinkhu wa mwana kufika zaka 18, n'kutseka mpata umene unkalola ukwati wa mwana wa zaka 15 makolo akavomereza. Ngakhale mwezi wa chisankho unachoka pa Meyi kupita pa Sepitembala. Wophunzira amene wajambulitsa buku lakale la mkulu wake angathe kulemba masamba asanu okoma kuwerenga, akutsamira pa mawu amene anafa kale. N'chifukwa chake sabata yoyamba mphunzitsi wabwino amaithera pa kuonetsa ophunzira kayang'anidwe ka nambala ndi chaka cha lamulo losintha gawo lililonse, n'kufananitsa ndi zimene zinatuluka mu Gazette ya boma.

Chikatheka chimenecho, wophunzira aletsedwe kuwerenga gawo limodzi palokha. Gawo 5 likuti lamulo lililonse kapena mchitidwe uliwonse wa boma wotsutsana ndi malamulo akuluwa n'ngopanda mphamvu. Gawo 11 likuuza woweruza zoyenera kuganizira pomasulira: mfundo za dziko la demokalase, mitu ya mfundo zikuluzikulu ndi ya maufulu a anthu, malamulo a pakati pa mayiko, ndiponso zigamulo za makhoti a mayiko ena pamene zikugwirizana ndi nkhaniyo. Gawo 12 likuti olamulira mphamvu zawo ndi zongosungitsidwa ndi anthu, ndipo angazigwiritse ntchito pokhapokha anthuwo akadawakhulupirira. Khoti la Supreme linanena kale pa mlandu wa Nseula mu 1999 kuti malamulowa awerengedwe onse pamodzi, gawo lina lisagwiritsidwe ntchito pophera linzake. Amene walumpha magawo atatuwa sangamvetse chimene chinachitika ndi gawo 80.

Gawo 80, lonena za kasankhidwe ka mtsogoleri wa dziko, ndilo phunziro lokoma kuposa onse, chifukwa mawu ake sanasinthe kwa zaka zoposa 20 koma tanthauzo lake linatembenuka. Pa chisankho cha 1999 a Bakili Muluzi anapeza mavoti opitirira theka la anthu amene anaponya voti, koma osafika theka la onse amene analembetsa m'kaundula. A Gwanda Chakuamba ndi anzawo anapita kukhoti kunena kuti wopambana ayenera kuposa theka la olembetsa onse. Khoti la Supreme mu 2000 linakana, linati owerengedwa ndi amene aponya voti, ndipo linapitirira kunena kuti wopambana ndi amene waposa anzake basi. Chigamulo chimenecho ndicho chinatsegulira khomo a Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi a Peter Mutharika mu 2014 kulowa m'boma ndi mavoti a m'ma 36 pa 100 alionse. Mu 2017 bungwe lounika malamulo la Law Commission linapereka maganizo oti wopambana azipyola theka, koma aphungu anaikana biluyo mu Disembala chaka chomwecho. Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019 a Peter Mutharika analengezedwa opambana ndi 38.6, a Lazarus Chakwera 35.4, a Saulos Chilima 20.2 pa 100 alionse.

A Chilima ndi a Chakwera atakasuma kukhoti potsutsa zotsatirazo, kunabwera chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 cha majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo. Ndi cha masamba oposa 400, ndipo ambiri amene amachitchula sanachitsegulepo. M'kalasi sitimuuza wophunzira kuti achiwerenge ngati nthano kuyambira tsamba loyamba. Amayamba kumapeto, pamene khoti lalemba zimene lalamula, chifukwa m'pamene pali chimene chimamanga anthu. Kenaka amabwerera kukafuna mafunso amene khoti linadziikira kuti liyankhe, n'kutsata funso lililonse: mbali iyi inati chiyani, inayo inati chiyani, umboni umene khoti linaukhulupirira ndi uti, ndi gawo liti limene linagwiritsidwa ntchito. Zonsezi azilembe pa tsamba limodzi lokha. Tsamba likasefukira, ndiye kuti sanapezebe fupa la mlanduwo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wowerenga motere amapeza zinthu zimene m'misika sizikambidwa. Khoti silinagamule kuti a Chakwera ndiwo anapambana mu 2019. Linapeza kuti zolakwika pa kayendetsedwe ka chisankho, monga kufufuta manambala ndi tipeksi, kugwiritsa ntchito mapepala a zotsatira amene sanali enieni oyamba aja, ndi mapepala opanda siginecha, zinali zofala ndi zazikulu moti zotsatirazo sizikanakhulupirika. Linalamula chisankho china m'masiku 150, linabwezeretsa utsogoleri m'mene unalili chisankho cha 2019 chisanachitike, ndipo linati wopambana ayenera kupyola theka la mavoti. Apa mphunzitsi amaponya funso lovuta: khoti la High Court lingapatuke bwanji pa zimene khoti la Supreme linanena mu 2000, poti laling'ono limayenera kutsata lalikulu? Majaji asanuwo anati chigamulo chakalecho chinaperekedwa mosaganizira zina zofunika. Wophunzira ali ndi ufulu wokhutira kapena kusakhutira ndi yankho limenelo, ndipo aphunzitsi enieniwo sagwirizana onse. Chimene chinatseka mkamwa aliyense ndi chigamulo cha majaji asanu ndi awiri a Supreme pa 8 Meyi 2020, amene anavomereza za kupyola theka, n'kuwonjezera kuti ovota ndi opikisana akhale omwe aja a 2019. Wolemba za nkhaniyi n'kutchula chigamulo cha Febuluwale chokha wasiya mbali imene ili ndi mphamvu zambiri.

Kulakwitsa kwina kofala ndi kusawerenga majaji. Pa mlandu wa Khoviwa, mu Epulo 2021, dziko lonse lapansi linamva kuti khoti la Supreme ku Malawi lathetsa chilango cha imfa. Mu Ogasiti chaka chomwecho khotilo linatulutsa chigamulo chokonzedwa, m'mene majaji ambiri anati funso limenelo silinali pamaso pawo, ndipo mawu othetsa chilangocho sanali a khoti lonse. Chilango cha imfa chinatsala m'mabuku. Chimene chinathetsedwa kale, pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007, ndi lamulo lokakamiza woweruza kupereka imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, mosayang'ana m'mene zinthu zinachitikira. Choncho wophunzira aphunzitsidwe kulemba dzina la jaji aliyense, n'kuika pambali pake ngati wavomereza mathero okha, kapena mathero ndi zifukwa zomwe. Aphunzitsidwenso kulekanitsa chifukwa chenicheni chimene mlandu wagamulidwira ndi ndemanga zimene jaji wangonena podutsa. Ndemangazo zimakoma kuika pa mutu wa nkhani, koma sizimanga khoti lina lililonse.

Mpaka pano wina anganene kuti zonsezi loya amazitha. N'zoona. Pamene mphunzitsi wa ndale amalowera kwenikweni ndi pa gawo 65, chifukwa apa malamulo ndi omveka, khoti linayankhula, koma palibe chinachitika. Gawoli likuti Sipikala alengeze kuti mpando wa phungu uli wopanda mwini ngati phunguyo anasankhidwa pansi pa chipani china n'kuchisiya mwa kufuna kwake kapena kulowa chipani china cha m'Nyumbamo. Likuwonjezera kuti phungu sangataye mpando chifukwa chongovota mosemphana ndi chipani chake. Mu 2001 aphungu analikulitsa kuti likole ngakhale phungu wolowa m'gulu lililonse la zolinga za ndale, koma bungwe la Public Affairs Committee linakasuma, ndipo mu 2003 High Court inadula mbali yowonjezerayo ponena kuti ikuphwanya ufulu wosonkhana ndi anzako. Mu Febuluwale 2005 a Bingu wa Mutharika anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, chipani chimene pa chisankho cha 2004 kunalibe, ndipo aphungu ambiri anakhamukira kumeneko. Pogwiritsa ntchito mphamvu za m'gawo 89, mtsogoleriyo anatumiza funso kukhoti ngati gawo 65 silikuphwanya maufulu a aphungu. Mu Juni 2007 khoti la Supreme linati gawolo n'labwinobwino.

Wophunzira wa malamulo okha amatseka buku pamenepo. Wa ndale amapitiriza kufunsa: nanga bwanji aphunguwo anakhalabe m'mipando mpaka chisankho cha 2009? Yankho silili m'gawo 65. Lili m'ziletso zimene aphungu okhudzidwa anakatenga kukhoti zomanga manja a Sipikala Louis Chimango, lili m'mkangano wa 2007 ndi 2008 pamene otsutsa boma ankati gawo 65 liyambe, boma n'kumati bajeti iyambe, ndiponso m'mphamvu za mtsogoleri pa kutseka ndi kutsegula zokambirana za Nyumba. Lili m'masamu: boma likanataya aphungu amenewo likanagwa mphwayi m'Nyumbamo, ndipo chipani chilichonse chimene chimalira gawoli chili kotsutsa chimaliiwala chikalowa m'boma, monga zinaonekeranso mu 2012 aphungu atathamangira ku PP ya mayi Joyce Banda. Gawoli lilinso ndi chibowo chimene andale amachidziwa bwino: phungu woima payekha silimugwira, ndipo amene wachoka m'chipani mwa zochita zake koma osalemba kalata amakana kuti sanachoke. Kufufuza zimenezi kumafuna Hansard, buku la zonse zoyankhulidwa m'Nyumba ya Malamulo, malamulo a kayendetsedwe ka Nyumbayo, mafayilo a ziletso ku kaundula wa khoti, ndi mndandanda wa aphungu wosonyeza chipani chimene aliyense analowera nacho ndi chimene anatulukira nacho. Mndandanda umenewu wofufuza amaupanga yekha, phungu mmodzimmodzi, ndipo ndi ntchito yotopetsa imene ambiri amaithawa n'kumangobwereza manambala a m'nyuzipepala zakale.

Masamu omwewa ndiwo amalamula pa kusintha malamulo. Gawo 197 likufuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse oyenera kuvota, osati a okhawo amene abwera tsiku limenelo. Tanthauzo lake n'lakuti phungu amene wajomba kapena wakhala chete wathandiza okana. Mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire a materemu awiri a mtsogoleri wa dziko a m'gawo 83 inapeza mavoti 125, okana anali 59, ndipo inagwa chifukwa choperewera mavoti atatu okha. Lero mipando ilipo 229, kotero yonse ikakhala ndi eni ake pafunika aphungu 153. Magawo ena, kuphatikizapo mutu wonse wa maufulu a anthu, ndi otetezedwa ndi gawo 196, limene likufuna riferendamu. Koma gawo lomwelo lili ndi kakhomo kam'mbali: ngati kusinthako sikukhudza thima la gawolo, aphungu okwana magawo awiri mwa atatu angathe kusintha popanda kufunsa anthu. Woyamba kunena kuti thima silinakhudzidwe ndi andale omwewo amene akufuna kusinthako, ndipo kakhomo aka, m'kuona kwathu, sikanafufuzidwe mokwanira poyerekeza ndi kukula kwa ngozi yake.

Pa maufulu a anthu, chida cha m'kalasi ndi gawo 44. Boma likafuna kuchepetsa ufulu wa munthu liyenera kuyankha mafunso anayi: kodi kuchepetsako kwalembedwa m'lamulo, kodi n'koyenera, kodi mfundo za maufulu za pakati pa mayiko zimakuvomereza, ndipo kodi n'kofunikadi m'dziko la demokalase? Likalephera limodzi lokha, lagwa. Chitsanzo chosavuta kuyambira ndi mlandu wa Mayeso Gwanda wa mu Januwale 2017. Wogulitsa majumbo mumzinda wa Blantyre anamangidwa m'mamawa akupita ku malonda ake, pansi pa lamulo la vakabu la m'gawo 184(1)(c) la Penal Code, lotsalira kwa atsamunda. Majaji atatu anapeza kuti lamulolo n'lotambalala moti wapolisi akanatha kumanga aliyense amene sanamukonde maonekedwe. Ophunzira amagawidwa pawiri, ena kuimira boma ena wodandaula, ndipo amene amakakamira kunena kuti "ufulu waphwanyidwa" osadutsa m'mafunso anayiwo amalephera ngakhale atayankhula mokoma chotani.

Zovuta za ntchitoyi n'zodziwika. Zigamulo zambiri zimapezeka pa intaneti pa MalawiLII, koma si zonse, ndipo zina khoti limalengeza mathero lero, zifukwa zolembedwa n'kudzatuluka patapita miyezi. Wolemba ndemanga pakati pa nthawi imeneyi amangolota. Mlandu wa malamulo akuluwa umamvedwa ndi majaji osachepera atatu a High Court, mkulu wa majaji akautsimikiza kuti ndi wotero. Khoti limene anthu amalitcha ConCourt si nyumba yapadera yokhala ndi majaji akeake monga zilili ku South Africa, ndipo chigamulo chake chingapite ku apilo. Ophunzira ambiri amafika chaka chomaliza asakudziwa zimenezi. Vuto lina ndi kuthamangira zigamulo za kunja. Gawo 11 likulola kuziyang'ana, koma wophunzira akakopera mawu a khoti la ku South Africa, India kapena Kenya osayamba waona ngati gawo la kumeneko likufanana ndi lathu, wamanga pa mchenga. Pa kuchuluka kwa zowerenga, milandu 12 yosendedwa bwino pa semesita imapindulitsa kuposa milandu 50 yongoitchula maina.

Vuto lalikulu koposa ndi mantha. Phunziro limeneli silingaphunzitsidwe ndi zitsanzo za mayiko akutali zokha, limafuna kutchula boma limene lilipo ndi zimene likuchita. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi wa nthawi imeneyo, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa maphunziro a ndale ku Chancellor College ku Zomba, kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chofananitsa kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna kutsimikiziridwa kuti m'makalasi mulibe akazitape, anayi anachotsedwa ntchito kuphatikizapo a Chinsinga ndi mayi Jessie Kabwila, ndipo maphunziro anasokonekera kwa miyezi yambiri mpaka anayiwo atabwezeretsedwa mu Okutobala. Gawo 33 likutchula ufulu wa maphunziro a ukachenjede mwachindunji, ndipo uli m'gulu la maufulu amene sangaimitsidwe ngakhale dziko litakhala pa ngozi. Ufulu umenewu uli ndi mtolo wake kwa mphunzitsi. Amene amati gawo 65 ligwire ntchito chipani chimene amachikonda chikakhala kotsutsa, n'kusintha nyimbo chikalowa m'boma, ophunzira amamuona msanga, ndipo amatengera khalidwe lomwelo kupita nalo ku maofesi a boma ndi a zipani.

Kwa inu a Mkonzi tili ndi pempho logwirika. Mukamalemba nkhani yokhudza gawo la malamulowa, sindikizani mawu a gawolo m'kabokosi pambali, mutawafotokoza m'Chichewa chomveka, kuti wowerenga ku Ntcheu kapena ku Nkhotakota adzionere yekha. Tchulani khoti limene lagamula, tsiku lake, majaji angati, ndiponso ngati wina wachita apilo. Lekanitsani chiletso ndi chigamulo: chiletso chimangoimitsa zinthu podikira kuti mlandu umvedwe, ndipo nthawi zina chimaperekedwa mbali inayo isanamvedwe n'komwe, monga chija cha mu Epulo 2020 chimene chinaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 wa Covid-19, pamene chigamulo chenicheni chinadza patapita miyezi. Mtsogoleri akakana kusayina bilu, monga anachitira a Peter Mutharika ndi mabilu a chisankho mu Malichi 2020, musalembe kuti biluyo yafa. Gawo 73 likuti ibwerere kwa Sipikala ndi zifukwa zake, padutse masiku 21, ndipo aphungu akaivomerezanso m'miyezi itatu yotsatira, mtsogoleri ayenera kuisayina m'masiku 21. Ndipo mtolankhani wanu akamaimbira katswiri, kaya ndi loya kaya ndi mmodzi wa ife, ayambe wamufunsa ngati chigamulo chimene akuchikambacho wachiwerenga, ndi kuti mfundo imene akunenayo ili pa ndime iti.

Ife,
Aphunzitsi a maphunziro a ndale ndi malamulo,
Zomba